Manyowa Tinathira, Nanga Nayitrojeni Akupita Kuti?

Feteleza akamakwera mtengo, maso a alimi amatembenukira ku khola. Ndowe za ng'ombe, zitosi za nkhuku ndi manyowa a mbuzi, zomwe kale zinkangounjikana kuseri kwa nyumba, masiku ano anthu akugulitsana pa ngolo. Komabe dandaulo silikutha. Munthu wathira manyowa munda wonse, koma pofika Januwale chimanga chachita chikasu. Kawirikawiri vuto silikhala kuchepa kwa manyowa ayi, koma kuti nayitrojeni amene anali m'manyowamo anathawa mizu isanamupeze. Mafunso otsatirawa akulondola nayitrojeni kuchokera m'khola mpaka ku muzu, kuti tione pamene amatayikira.

Kodi nayitrojeni n'chiyani, ndipo chimanga chimamufunira chiyani?

Nayitrojeni ndi chimodzi mwa zakudya zikuluzikulu zitatu za mbewu, pamodzi ndi fosiforasi ndi potaziyamu. Chilembo N chimene mumachiona pa thumba la feteleza chimaimira iyeyu. Mbewu imamugwiritsa ntchito popanga mapuloteni ndiponso kubiriwira kwa masamba. Akachepa, chimanga chimapinimbira, ndipo masamba a m'munsi amayamba chikasu kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati, chifukwa mbewuyo imasamutsira nayitrojeni wochepayo ku masamba atsopano.

Magawo 78 mwa 100 a mpweya umene timapuma ndi nayitrojeni, koma chimanga sichingathe kumutenga kumeneko. Mizu yake imayamwa makamaka mitundu iwiri ya nayitrojeni imene imasungunuka m'madzi a m'nthaka: amoniyamu ndi nayitireti. Mayina awiriwa muwasunge, pakuti nkhani yonseyi yagona pa kusiyana kwa khalidwe lawo.

Nanga m'manyowa mumakhala nayitrojeni wochuluka bwanji?

Wochepa kusiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Yureya ali ndi magawo 46 mwa 100 a nayitrojeni, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23. Manyowa ouma a m'khola la ng'ombe lakumudzi nthawi zambiri amakhala ndi gawo limodzi lokha mwa 100, ndipo akasakanikirana ndi mchenga wa pansi pa khola amachepera pamenepo. Powerengera choncho, kuti mupeze makilogalamu 23 aja pafunika matani 2.3 a manyowa ouma. Zitosi za nkhuku n'zamphamvu kuposa apa kawiri kapena katatu, ndipo manyowa a mbuzi ndi a nkhosa amakhala pakati.

Mphamvu ya manyowa imatsatanso zimene chiweto chadya. Ng'ombe yomwe ikungodya mapesi ndi udzu wouma m'chilimwe imatulutsa ndowe zofooka poyerekeza ndi ng'ombe yamkaka yomwe ikudya madeya ndi masamba a mitengo ya nyemba. Choncho ngolo ziwiri zodzaza mofanana zingathe kusiyana kwambiri pa chakudya chimene zanyamula.

Kodi mbewu imayamba kudya manyowa tsiku lomwe athiridwa?

Ayi. Nayitrojeni wambiri wa m'ndowe amakhala womangika m'tizidutswa ta udzu ndi m'matupi a tizilombo tosaoneka ndi maso. Kuti amasuke, mabakiteriya ndi nkhungu za m'nthaka ziyenera kuwoletsa manyowawo, ndipo zikamatero zimatulutsa amoniyamu. Ntchito imeneyi imafuna chinyontho, kutentha ndi mpweya. Nthaka ikauma gwa, ntchitoyi imaima. M'chaka choyamba, manyowa a ng'ombe nthawi zambiri satulutsa kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a nayitrojeni wawo. Wotsalayo amatuluka pang'onopang'ono m'zaka zotsatira, n'chifukwa chake munda wothiridwa manyowa umaonetsabe kusintha m'chaka chachiwiri ndi chachitatu.

Amoniyamu akatuluka, gulu lina la mabakiteriya, monga Nitrosomonas ndi Nitrobacter, limamusandutsa nayitireti. Sergei Winogradsky, wasayansi wa ku Russia, ndiye anazindikiritsa dziko za mabakiteriya amenewa cha m'ma 1890. M'nthaka yofunda ndi yonyowa ngati yathu nthawi ya dzinja, kusanduka kumeneku kumatenga masiku ochepa kapena masabata angapo basi.

Apa ndi pamene pali gwero la mavuto. Amoniyamu amamatirira ku tinthu ta dongo ndi ta manyowa owola, choncho madzi samukokolola msanga. Nayitireti sagwira paliponse. Amasungunuka ngati mchere m'ndiwo, ndipo kumene madzi alowera, nayenso amalowera komweko.

Kutayika kwenikweni kumayambira pati?

Kumayambira m'khola momwemo, manyowa asanaone n'komwe munda. Nthawi zambiri pafupifupi theka la nayitrojeni amene ng'ombe imatulutsa amakhala mu mkodzo, osati m'ndowe. Ndipo nayitrojeni wambiri wa mu mkodzo ndi yureya, yemweyo amene timagula m'thumba. Mkodzo ukakhudzana ndi ndowe kapena dothi, yureyayo amasanduka amoniyamu m'maola ochepa, ndipo gawo lina limakhala mpweya wa amoniya n'kuuluka. Fungo lobaya m'mphuno limene mumalimva mukalowa m'khola la mbuzi kapena la nkhuku ndi nayitrojeni amene akupita. Kutentha ndi mphepo zimafulumizitsa kuulukako, kotero kuti m'madera otentha a ng'ombe zambiri ngati Chikwawa ndi Nsanje vutoli limakula.

Khola lopanda denga limawonjezera kutayika kwina. Mvula ikagwa, madzi akuda aja amene amatsetsereka kuchokera m'khola amanyamula nayitrojeni ndi potaziyamu, ndipo ena amalowa pansi pa khola pamene palibe mbewu.

Chothandiza n'kuyala zogonera pansi: mapesi oduladula, udzu wouma, masangwi a mtedza kapena mankhusu a mpunga. Zimenezi zimamwa mkodzo, ndipo tizilombo tomwe timaziwoletsa timasunga nayitrojeniyo m'matupi mwawo. Alimi a ng'ombe zamkaka a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje amene ali ndi makola a simenti angathe kukonza kangalande kolowetsa mkodzo m'chidebe chovundikira, kenako n'kumauthira pa mulu wa kompositi kapena kuusungunula ndi madzi n'kuthirira mbewu.

Ife timatuta manyowa mu Ogasiti n'kuwasiya timilutimilu m'munda kudikira kugalauza. Pali cholakwika?

Kututa msanga si kulakwa, chifukwa nthawi imeneyo njira zimakhala zouma ndipo ngolo zimapezeka. Cholakwika n'kusiya timilu tating'onoting'ono pamtetete miyezi iwiri kapena itatu. Kamulu kakang'ono kamawombedwa ndi dzuwa ndi mphepo mbali zonse, ndipo amoniya amauluka kwambiri m'masiku oyambirira manyowa akangovundukulidwa. Kenako chizimalupsa chikagwa, nayitrojeni wosungunuka amatsikira pansi pa kamulu pomwepo. N'chifukwa chake m'minda ina mumaona zigamba za chimanga chobiriwira kwambiri pamene panali milu, pomwe munda wonse uli wachikasu.

Ngati mwatuta msanga, unjikani mulu umodzi waukulu pamthunzi m'mphepete mwa munda, muutsendere, ndipo muuphimbe ndi dothi, udzu kapena pepala lapulasitiki. Muzimwaza manyowa okhawo amene mungathe kuwakwirira tsiku lomwelo, kaya m'khwawa musanaunde mzere watsopano, kaya pa phando, kaya m'maenje obzalamo. Dothi lonyowa limagwira amoniya asanauluke.

Mvula yoyamba imachita chiyani ndi nayitrojeni?

Imamudzutsa mwadzidzidzi. Mu 1958, H.F. Birch, wasayansi amene ankagwira ntchito ku Muguga m'dziko la Kenya, anaonetsa kuti nthaka yomwe yauma nthawi yaitali ikanyowa, tizilombo ta m'nthaka timayamba ntchito mwamphamvu n'kutulutsa nayitrojeni wambiri m'masiku ochepa. Izi zimachitika chaka chilichonse m'minda yathu mu Novembala ndi Disembala, ndipo m'munda wa manyowa zimachitika mokulirapo.

Vuto n'lakuti nthawi imeneyi chimanga chimakhala chisanamere kapena chili ndi masamba awiri atatu. Chimanga chimadya nayitrojeni wambiri kuyambira chikafika m'mawondo mpaka chitamasula ngaiyaye ndi kutulutsa ndevu. Pakati pa kutuluka kwa nayitireti ndi njala ya mbewu pamakhala masabata angapo, ndipo mvula iliyonse yamphamvu imene igwe pakatipa imamukankhira pansi. Amene wachedwa kubzala amapeza gawo lalikulu litadutsa kale pamene mizu imafika. Uphungu wa alangizi wakuti tizibzala ndi mvula yoyamba yokwanira uli ndi chifukwa chimenechi kuwonjezera pa kutalika kwa nyengo.

Mtundu wa nthaka umasinthanso zinthu. Nthaka yamchenga, monga ya m'madera ambiri a Kasungu ndi m'mphepete mwa nyanja, imasunga madzi ochepa, choncho mvula yomweyo imatsitsa nayitireti mozama kuposa mu katondo. Komanso pansi pa mizere, pamene khasu limalekezera chaka ndi chaka, nthaka imagwirana n'kulimba, mizu ya chimanga n'kumalephera kutsika kukatsata chakudya. Mbewu za mizu yakuya monga nandolo, ndi mitengo monga gliricidia ndi nsangu, zimafika kumene chimanga sichifika n'kubweza gawo lina la nayitrojeni pamwamba kudzera m'masamba oyoyoka.

Munda wanga ndi wa m'dambo, madzi satsika msanga. Ndiye kuti nayitrojeni wanga ali pabwino?

Ayi, kumeneko amathawira kumwamba. Nthaka ikachita lowe, madzi amadzaza timipata tonse ndipo mpweya wa okosijeni umatha. Pamenepo mabakiteriya ena amayamba kutenga okosijeni amene ali mu nayitireti, ndipo nayitrojeni wotsalayo amasanduka mpweya n'kutuluka m'nthaka. Mabakiteriya amenewa amafuna zinthu zitatu: nayitireti, kusowa kwa okosijeni, ndi chakudya chowola msanga. Manyowa aawisi m'nthaka yamakande yodzaza madzi amapereka zonsezi nthawi imodzi. Masiku ochepa a lowe mu Januwale kapena Febuluwale ndi okwanira kuti chimanga chisanduke chachikasu.

Umodzi mwa mipweya imene imatuluka ndi nitrous oxide. Akatswiri a zanyengo a bungwe la IPCC amati kilogalamu imodzi ya mpweyawu imatenthetsa dziko kuposa kilogalamu ya carbon dioxide ka 273 pa zaka 100. Kwa mlimi, chofunika n'chakuti m'malo a lowe aunde mizere yaitali, atsegule ngalande zochotsa madzi, agwiritse ntchito manyowa owolerana, ndipo asathire chakudya chonse cha mbewu nthawi imodzi.

Ndinathira manyowa ambiri ndi kuwakwirira bwino, koma chimanga chinayamba ndi chikasu. Zinatani?

Mwina manyowawo anali osapsa, odzaza ndi mapesi, udzu kapena utuchi. Tizilombo towoletsa timafuna kaboni kuti tipeze mphamvu, ndi nayitrojeni kuti timange matupi awo. Chinthu chikakhala ndi kaboni woposa magawo 30 pa gawo limodzi la nayitrojeni, tizilomboto timatenga nayitrojeni wa m'nthaka kuti tikwanitse ntchito, mbewu n'kutsala ndi njala. Mapesi a chimanga amapitirira muyezo umenewu pafupifupi kawiri, ndipo utuchi umaupitirira kutalitali.

Nayitrojeni ameneyu sanatayike. Wangogwidwa, ndipo adzatuluka tizilomboto tikamafa. Koma angathe kutuluka chimanga chitadutsa kale msinkhu womufuna. Njira yopewera izi ndi kuwoletsa manyowa asanapite kumunda, kaya m'dzenje, kaya mwa njira ya chimato kapena changu. Manyowa akupsa amakhala akuda, ofumbutuka, ozizira, onunkhira dothi, ndipo simungazindikirenso phesi kapena ndowe.

Nanga phulusa? Ambiri timalisakaniza ndi manyowa, makamaka popanga Mbeya.

Phulusa lili ndi potaziyamu ndi kashiyamu, ndipo limachepetsa asidi m'nthaka. Koma nayitrojeni mulibe, chifukwa moto umamuulutsa, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chosatenthera mapesi m'munda. Kuipa kwa phulusa n'kwakuti likakumana ndi amoniyamu pamalo onyowa limamusandutsa amoniya wouluka. Kuwaza phulusa lambiri kapena laimu pa zitosi za nkhuku kapena pa ndowe zaziwisi n'kutsegulira nayitrojeni khomo.

Mbeya amapangidwa posakaniza manyowa a ziweto, madeya, phulusa, madzi ndi feteleza wochepa wa m'sitolo, n'kuzisunga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku pafupifupi 21. Pali zinthu ziwiri zoti muzidziwe. Choyamba, thumbalo limangidwe kwambiri ndi kusungidwa pamthunzi, ndipo mukalitsegula musayanike zam'katimo padzuwa nthawi yaitali; pothira muzikwirira. Chachiwiri, kusakaniza sikubala nayitrojeni watsopano. Mwachitsanzo, makilogalamu 10 a yureya ali ndi makilogalamu 4.6 a nayitrojeni, ndipo manyowa ndi madeya zimangowonjezerapo pang'ono. Thumba la Mbeya lili ndi ubwino wake pokonza nthaka, koma pa nayitrojeni silifanana ndi thumba la yureya, choncho kapu yothirira singakhale yofanana.

Kodi kukokoloka kwa nthaka kumakhudzanso nkhaniyi?

Kwambiri. Manyowa ndi opepuka ndipo amakhala m'nthaka yapamwamba, imene madzi othamanga amayamba kuitenga. Kafukufuku amene bungwe la FAO linachita pamodzi ndi boma la Malawi anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a nthaka pa hekitala iliyonse pachaka. M'nthaka imeneyo mumapita nayitrojeni amene anayenera kutuluka m'zaka za m'tsogolo. Pa munda wotsetsereka, akalozera, mizere yopingasa, ngonyeka ndi udzu wa vetiva ziyambe zakhalapo, manyowa abwere pambuyo.

Nayitrojeni wotayikayo amakathera kuti? Angavulaze munthu?

Wotsika pansi amakafika m'madzi a m'zitsime. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a nayitireti pa lita imodzi. Oopsezedwa kwambiri ndi makanda a miyezi yochepa amene akumwetsedwa mkaka wosungunula ndi madzi otere: nayitireti amasokoneza magazi kuti asanyamule bwino okosijeni, ndipo khungu ndi milomo zimachita bii. Kuwiritsa madzi kumapha majeremusi koma sikuchotsa nayitireti. Choncho khola, mulu wa manyowa ndi chimbudzi zikhale kumunsi kwa chitsime, ndiponso patali mamita osachepera 30, makamaka pa zitsime zosazama za m'madimba.

Wopita ndi madzi othamanga amakathera m'mitsinje ndi m'nyanja, kumene pamodzi ndi fosiforasi amanenepetsa ndere ndi zomera za m'madzi. Namasupuni amene amavutitsa mumtsinje wa Shire ndi kutseka makina amagetsi ku Nkula amakula mofulumira m'madzi okhala ndi chakudya chotere.

Ku Ulaya, kumene ziweto n'zambiri kuposa minda yothiramo ndowe, nkhaniyi inafika pokhala ya malamulo. Lamulo la European Union la mu 1991 limaletsa kuthira manyowa opitirira makilogalamu 170 a nayitrojeni pa hekitala pachaka m'madera amene madzi ake ali pachiopsezo. Ku Netherlands, chigamulo cha khoti mu 2019 chinakakamiza boma kuchepetsa nayitrojeni wouluka, ndipo alimi anachita zionetsero ndi mathirakitala awo m'misewu. Kwathu kuno minda yambiri ikuvutika ndi kuchepa kwa nayitrojeni, osati kuchuluka, koma pafupi ndi makola akuluakulu a nkhuku ndi nkhumba m'mphepete mwa mizinda chiopsezo cha madzi chilipo.

Ena amati manyowa ndi achilengedwe, sangatayike kapena kuwononga madzi ngati feteleza. N'zoona?

Si zoona. Nayitireti wochokera ku ndowe ndi wochokera m'thumba ndi chinthu chimodzi, ndipo muzu kapena madzi sizisiyanitsa. Umboni wakale kwambiri uli ku Rothamsted ku England, pa munda wotchedwa Broadbalk, umene John Bennet Lawes ndi Joseph Henry Gilbert anayamba kuyesererapo tirigu mu 1843. Chigawo china cha mundawu chakhala chikulandira matani 35 a manyowa pa hekitala chaka chilichonse kuyambira nthawi imeneyo. Nthaka yake inalemera ndipo zokolola n'zambiri, koma madzi otuluka m'mipope ya pansi pa chigawochi ali m'gulu la amene amakhala ndi nayitireti wambiri. Chifukwa chake n'chakuti manyowa amapitiriza kutulutsa nayitrojeni ngakhale pamene m'munda mulibe mbewu yoti imudye.

Izi sizichotsa ubwino wa manyowa. Amafewetsa nthaka, amathandiza kusunga chinyontho, amabweretsa fosiforasi, potaziyamu, salufa ndi zinki, ndipo amachepetsa asidi. Kufooka kwawo n'kwakuti mlimi sangawalamule tsiku lotulutsa chakudya. Feteleza wa m'thumba amalamulika pa nthawi, koma sakonza nthaka. N'chifukwa chake kuphatikiza ziwirizi kumapindulitsa: manyowa akupsa pa phando pobzala, kenako yureya kapena CAN wochepa wobereketsa chimanga chikamayandikira m'mawondo, wothiridwa m'kadzenje pa nthaka yonyowa ndi kukwiriridwa.

Mlimi wa ziweto zochepa ndi ndalama zochepa ayambire pati?

Ayambire m'khola, chifukwa kumeneko kupulumutsa nayitrojeni sikufuna ndalama. Afolere khola ngakhale mbali imodzi, ayale zogonera zomwa mkodzo, ndipo azichotsa manyowa pafupipafupi n'kuwaunjika pamthunzi ataphimbidwa. Awasiye apse. Ngati ndi ochepa, asawamwaze munda wonse; athire pa phando kapena m'maenje pa gawo limodzi la munda chaka chino, gawo lina chaka chamawa. Akwirire tsiku lomwelo, abzale ndi mvula yoyamba yokwanira, ndipo apalire msanga kuti udzu usadye chakudya cha chimanga. Pomaliza, azisinthanitsa kapena kusakaniza chimanga ndi nandolo, mtedza, soya kapena khobwe, chifukwa mbewu zimenezi zimakoka nayitrojeni wa mumpweya kudzera m'mabakiteriya a m'timatuza ta mizu yawo, ndipo zimawonjezera amene khola lokha silingakwanitse.

Musanafunefune ngolo ina ya manyowa chaka chino, yambani mwaona mmene mukusungira amene muli nawo kale. Ngolo imodzi yosungidwa pamthunzi, yophimbidwa ndi yokwiriridwa pa nthawi yake ingathe kudyetsa chimanga kuposa ngolo ziwiri zimene zakhala padzuwa ndi pamvula.